Kusaka mpeni wa puleni ya apongozi

Ndinanyamuka pa Chilomoni Lachisanu, sikisi koloko ya m'mawa isanakwane, nditakulunga mpeni wothyoka m'nyuzipepala n'kuuika m'thumba la m'kati mwa jekete. Sunali mpeni wa kukhitchini ayi. Unali umodzi mwa mipeni iwiri ya puleni yamagetsi ya apongozi anga, a Likhutcha, ndipo amene anauthyola ndine.

Ndifotokoze kaye pang'ono, mungandiyese munthu wongokonda kukwera minibasi. Ndine kalipentala. Ndagwira ntchito pa shopu ya apongozi zaka zisanu ndi chimodzi, chikwatirireni mwana wawo Agnesi. Pa shopupo pali macheka, matchizolo ndi benchi yaitali, koma chimene chimatidyetsa ndi puleniyo. Ndi chimakina chopalira matabwa chogwira m'manja, chachitsulo chokhachokha, cholemera ngati mwana wa chaka chimodzi. Apongozi anachoka nacho ku kampani ina ya mipando imene inatsekedwa ine ndisanabadwe.

Chaka chatha manja a apongozi anayamba kunjenjemera. Alamu anga, motsogozedwa ndi wamkulu wawo Gift, akufuna puleni igulitsidwe, shopu isanduke yometera tsitsi. Ine ndikufuna ndipitirize ntchito ya matabwa, chifukwa ina sindiidziwa. Apongozi sanayankhe aliyense. Anangoti akupita kwawo ku Phalombe kukamanga chiliza cha mlongo wawo, ndipo akabwerako Lachisanu madzulo tidzamva amene amusiyire shopu. Anandipatsa makiyi, n'kubwereza lamulo limene ndalimva tsiku ndi tsiku chifikireni pakhomopo: thabwa lakale usalipale usanaliyendetse maginito. Maginitowo ndi a sipika ya wailesi yakufa, amakhala pa zenera.

Lachinayi masana kunabwera mafelemu a zitseko a mlombwa, ochokera ku nyumba ina yakale imene anagumula. Ndinawayang'ana ndi maso, maso anandiuza kuti mulibe kanthu. Maginito anali pa zenera, mapazi anayi kuchokera pamene ndinaima. Ndinapala kamodzi, bwinobwino. Kachiwiri, bwinobwino. Kachitatu ndinangomva kuti kha! Unali msomali wopanda mutu, utabisala pansi pa penti. Mpeni umodzi unagumuka kukamwa n'kung'aluka mpaka pa bowo la bawuti. Unzake unapulumuka. Paja akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo, koma wanga unakula apongozi atangochoka masiku atatu.

Nditamuuza Agnesi, anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anati, "Bambo akufika mawa faifi koloko."

Ndiye m'mawa mwake ndinamasula mpeni wothyokawo, ndinasiya wabwinowo m'makina momwemo, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Inali K1,000. Tinakhala anayi anayi pa mpando wa anthu atatu, ndipo mayi wina anandisenzetsa beseni la mandasi pamiyendo osandifunsa dzina. Beseni linali lotentha, kunja kunali kozizira, choncho sindinadandaule. Potsika pa Mibawa ndinagula awiri, poti tinali titazolowerana kale.

M'tauni mahadiweya amatsegula eyiti koloko. Ndinaima pakhonde la yoyamba pamodzi ndi mlonda, tonse tikuyang'ana chitseko chimodzi, iye akufuna kuweruka, ine ndikufuna kulowa. Atatsegula ndinafunyulula nyuzipepala ija pa kauntala. Mtsikana wogulitsa anaugwira mpeniwo ndi zala ziwiri.

"Ichi n'chiyani, ankolo?"

"Buledi ya puleni."

Anapita kumbuyo n'kubwera ndi kapaketi. M'katimo munali timipeni tiwiri topyapyala ngati malezala.

"Mabuledi ndi awa. Akabuntha mumatembenuza, akabunthanso mumataya."

"Sanola?"

"Anole ndani, ankolo? Makina anuwo ndi a chaka chanji?"

Ndinati sindikudziwa, koma ndi aakulu kwa mkazi wanga. Anandilozera shelefu ya mapuleni atsopano apulasitiki, obiriwira ndi achikasu, n'kunena kuti amenewo ali pa seli, atsitsidwa mtengo. Ndinathokoza.

Shopu yachiwiri anandiuza kuti zibwera sabata yamawa, asanaone n'komwe chimene ndanyamula. Yachitatu ndinapeza bambo wachikulire amene anautenga mpeniwo ndi manja awiri, n'kuuyeza kulemera kwake, n'kumwetulira ngati waona mnzake wa ku pulayimale. Anati zoterezi anasiya kuitanitsa kalekale, ndipo ngakhale kumene ankaitanitsako anasiya kupanga. Anandilangiza kuti ndipite ku Zingwangwa, kuseri kwa msika, kuli munthu wonola chilichonse, mwina angathe kuchotsa pogumukapo mpeni n'kugwiranso ntchito.

Ya ku Zingwangwa inali K1,000, ndipo inadzadza msanga chifukwa theka la anthu amene anali m'katimo sanali paulendo. Anangokhalamo kuti ife tione ngati yatsala pang'ono kunyamuka. Aliyense weniweni akalowa, wabodza mmodzi ankatsika. Ndinafika pa msika cha m'ma teni, dzuwa litayamba kulankhula.

Wonola uja sanavute kupeza. Anali pafupi ndi ogulitsa nyama, atakhala pa njinga yoimikidwa pa zitsulo, akupalasa osapita kulikonse, mwala wozungulira uli patsogolo pake. Pamzere panali zikwanje ziwiri, sizasi ya telala ndi mipeni ya abutchala. Ndinadikira nthawi yanga.

"Achimwene, ine chilichonse chachitsulo ndimanola," anatero asanaone. "Dzulo ndanola fosholo."

Anautenga, anapalasa, anaugunditsa pa mwala. Kunatuluka timoto tochepa tofiira, kenaka fumbi loyera. Anasiya kupalasa n'kuyang'ana mwala wake. Mwala unali utalowa mphako, mpeni uli chimodzimodzi.

"Chitsulo chanuchi n'chamwano," anatero. "M'malo moti ndichidye ine, chikundidya ndi icho."

Kenaka anachita chinthu chimene chinandipatsa ulemu pa iye. Anaupachika mpeniwo pa chala, n'kuugogoda ndi kiyi. Unalira mogonthera, ngati mbale yosweka.

"Mwamva? Wang'aluka mpaka m'kati. Ngakhale nditaunola mpaka mawa, mukakangoyatsa makina uthyoka n'kuuluka. Muli ndi ana?"

"Mmodzi."

"Ndiye musaubwezeretse. Pitani ku Bangwe, mukafunse a Dayitoni. Amagula makina akufa. Ngati m'Blantyre muno munafapo puleni ngati yanuyo, maliro ake anachitikira kwa iwowo."

Sanafune kulandira kanthu, koma ndinamugulira thobwa chifukwa cha mwala wake uja. Tinamwa titaimirira, iye akupukusa mutu n'kumasisita pamene panadyeka.

Kuchoka ku Zingwangwa kupita ku Limbe ndinalipira K1,500. Kondakitala anatolera ndalama tisanayende n'komwe, galimoto inakhotera pa filing'i siteshoni, ndipo anathira mafuta a ndalama zathu zomwezo, osapitirira. Pokwera chitunda injini inkatsokomola, tonse tinangoti chete ngati kulankhula kumatha mafuta. M'menemo ndi mmene ndinawerengera kuti chifukwa chokana kuyenda mapazi anayi kukatenga maginito, ndinali nditayenda kale theka la mzinda. Pa Limbe ndinasintha, n'kukwera ya ku Bangwe.

Ndinafika kwa a Dayitoni dzuwa lili paliwombo. Pakhomo pawo palibe chikwangwani, koma simungaphonye. Mpanda wake ndi wa zitseko za mafiriji. M'katimo muli makina osokera opanda mitu, majenereta, mafani, njinga zamoto zopanda matayala, zonse zitaunjikana, nkhuku zikuyenda pamwamba. Eni ake anali bambo wamfupi wovala ovolosi yodula manja. Anauyang'ana mpeni wanga kamodzi kokha.

"Ilipo," anatero.

Anandilondolera kuseri kwa nyumba, anathamangitsa nkhuku imene inali kuikira m'bokosi, anachotsa mazira atatu n'kuwaika m'thumba la ovolosi, kenaka anatulutsa puleni. Inali yomweyo ndithu, yofanana ndendende ndi ya apongozi, chogwirira chomwecho, mabawuti omwewo, dzimbiri lokha ndilo linasiyanitsa. Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira. Ndinaitembenuza kuti ndione kumimba. Munalibe mpeni ngakhale umodzi.

"Mabuledi ali kuti, bambo?"

Anakanda m'mutu. "Imodzi ndinagulitsa kwa wosoka nsapato, anasamukira ku Thyolo. Inayo... Mayi a Dalitso! Kachitsulo kaja kali kuti?"

Kuchokera kumene kunkafuka utsi kunatuluka mayi wamphamvu zake, manja ali mafuta okhaokha. M'dzanja anali ndi mpeni wa puleni, mbali imodzi atakulunga mphira kuti pakhale pogwira. Mayiwo amaphika mang'ina n'kumagulitsa pamsewu, ndipo kwa zaka zinayi mpeniwo wakhala ukupala ubweya wa mapazi a ng'ombe. Ankaunola pa simenti ya pakhonde m'mawa uliwonse. Unali utatha mpaka kufika m'mabowo, utapindika pakati ngati mwezi wongooneka kumene.

"Mukuufuna?" anandifunsa, osautambasula. "Nanga ine mang'ina ndizipalira chiyani?"

Ndinati asadandaule, ngakhale atandipatsa ulele sungalowenso m'makina. Anaoneka kuti mtima wawo wakhala pansi. Wanga ndiye unali utagwera m'nsapato. Ndinakhala pa firiji yogonekedwa, ndipo kunena zoona ndinafuna kulira. M'maganizo ndinaona shopu ija ili ndi magalasi m'makoma, nyimbo zikugunda, ine ndikuyenda khomo ndi khomo ndi sowo kufunsa ngati pali mpando wothyoka.

A Dayitoni anakhala pambali panga, mosamala chifukwa cha mazira aja.

"Achimwene, zimenezi sagula. Amapangitsa. Pitani ku Ndirande, kumene amakhoma zidebe, mukafunse a Jailosi a macheka. Ngati sanamwalire."

Ndisanachoke ndinagula mbale ya mang'ina, poti njala siidziwa kuti munthu ali pamavuto. Anali opalidwa bwino kwambiri, ndisaname.

Ndinabwereranso pa Limbe n'kukwera ya ku Ndirande, K1,500. Ndinatsika pa msika thu koloko itangodutsa. Amene sanafikeko kumene amakhoma zitsulo ku Ndirande asamanene kuti amalidziwa phokoso. Uku akukhoma mbaula, uku zidebe, uku akuwotcherera mafelemu a mawindo, aliyense ndi hamala yake ndi nyimbo yake. Ndinafunsa anthu atatu za a Jailosi, onse anandiyankha ndi chala chifukwa pakamwa sipakanamveka. Zala ziwiri zinagwirizana, ndinatsata zimenezo.

Ndinawapeza m'kashedi ka malata, kumapeto kwa kanjira kodutsa madzi akuda. M'makoma munali mutapachikidwa macheka ozungulira a makina ocheka matabwa, ena aakulu ngati chivundikiro cha diramu. Eni ake anali mdala woonda, wamtali, magalasi atamanga ndi ulusi kumbuyo kwa mutu. Ndinapereka moni, ndinafunyulula nyuzipepala ija, imene tsopano inali itayamba kung'ambika.

Onse amene ndinawaonetsa tsiku limenelo ankayamba kuyang'ana pogumuka. A Jailosi anautembenuza n'kuyang'ana kumsana. Anapukuta ndi chala chachikulu, anayandikitsa ku magalasi.

"Za Likhutcha izi," anatero.

Ndinali ndisanatchule dzina langa, kumene ndachokera, kapena dzina la munthu aliyense.

"Mwadziwa bwanji, bambo?"

Anandionetsa timadontho titatu tokhomedwa pakona, tating'ono ngati mapira. Ndinali nditaugwira mpeniwo kambirimbiri osationa.

"Chidindo changa ichi. Ndinaupanga ndine. Wa mtundu uwu ndinapangira munthu mmodzi yekha. Inu ndinu ndani wake?"

"Mkamwini."

"Pepani," anatero, ndipo sanafotokoze kuti akupepesa chiyani.

Pa shopu tonse tinkadziwa kuti mipeni imeneyi inabwera ndi makinawo kuchokera kunja. Palibe anatiuza, tinkangodziwa, ndipo apongozi sanatsutsepo. Ndinafunsa kuti zinatani kuti apangitse wina.

"Mukafunse eni ake. Ine ndimanola zitsulo, nkhani za anthu sindinola. Unzake uli kuti?"

"Uli m'makina, ku Chilomoni. Umenewo sunathyoke."

Anaukulunga mpeni uja bwinobwino m'nyuzipepala, n'kundibwezera.

"Ndiye mwabwera kudzacheza."

Anandikhazika pa chitini n'kundiphunzitsa zimene ndinayenera kuzidziwa kalekale. Mipeni iwiri ija imamangidwa pa chitsulo chimodzi chozungulira, wina uku wina uku, ndipo chitsulocho chimathamanga koopsa. Wina ukalemera kuposa unzake, ngakhale pang'ono pokha, makina amanjenjemera, thabwa limatuluka ndi mizere, ndipo pakatha mwezi mabering'i amatha. Mabering'i a puleni imeneyo ndiye kulibe ngakhale ku Ndirande. Choncho mipeni ya puleni imanoledwa pamodzi, imayezedwa pamodzi, ndipo sayenda nawo umodzi.

"Likhutcha sanakuuzeni?"

"Ponola amanola okha, atatseka chitseko."

"Ndi yemweyo," anatero.

Nthawi inali hafu pasiti thu. Kupita ku Chilomoni n'kubwerera pa minibasi kukanandidyera maola awiri. Ndinaimbira Agnesi. Ndinayamba kumufotokozera pang'onopang'ono kuti atenge sipanala yaing'ono m'kabati, agoneke puleni chagada, apeze mabawuti atatu, azungulize chakumanzere.

"Bambo a Tadala," anandidula, "mabawuti amenewo ndinayamba kumasula ndili sitandade faifi. Mpeniwo ndiutumize kuti?"

Ndinamuuza.

"Ndipereka kwa wa kabaza. Komanso bambo aimba. Apeza galimoto ya achibale, adutsa kale pa Chiradzulu."

A Jailosi sanadikire. Anafukula pansi pa benchi n'kutulutsa chimpeni chachitali ngati mkono, chochokera m'makina akuluakulu a kumalo ochekera matabwa, chakale koma chitsulo chake chomwecho chamwano. Anagoneka wothyoka uja pamwamba pake, analemba mzere ndi msomali wosongoka, n'kuyatsa gulayinda. Ankadula pang'ono n'kuviika m'chitini cha madzi, kudula pang'ono n'kuviika. Ine ndinkayang'ana foni.

"Bambo, sizingafulumireko?"

"Zingafulumire. Chitsulo chikatentha n'kuchita buluu chimafewa, mukapala thabwa limodzi chabuntha. Mukufuna chimenecho? Ndi maminitsi faifi."

Ndinabweza foni m'thumba.

Wa kabaza anafika itangokwana fili koloko, atanyamula mpeni wabwino uja m'sokosi ya mwana wanga. Ndinamupempha kuti adikire, adzanditenge pobwerera. Anazimitsa njinga, anakhala pa chitini china, ndipo posakhalitsa nayenso anayamba kuonerera ngati mpira.

Mabowo a mabawuti anatenga nthawi kuposa china chilichonse. Atatha, a Jailosi anamanga mipeni yonse iwiri pa kathabwa kopendekeka kamene anakasema okha, kuti kukamwa kwake kupendekeke mofanana, n'kuinola pamodzi, wakale ndi watsopano. Anamalizira pamanja, pa mwala wa mafuta, akuyendetsa mwakachetechete ngati akusisita mwana. Kenaka anagwira mkono wanga osapempha n'kumeta ubweya kuchokera pa wotchi mpaka pa chigongono. Alamu anga akanaona akanawalemba ntchito tsiku lomwelo.

Sikelo yawo inali rula yachitsulo yogonekedwa pa msomali wozungulira. Anaika mpeni wina kumapeto uku, wina uku. Rula inagwera kwa watsopano. Anauchotsa, anadya pang'ono kumsana ndi gulayinda, osakhudza kukamwa, anaviika, anapukuta, anaikanso. Inagweranso komweko, koma mwaulesi. Kachitatu. Kachinayi. Kachisanu rula inagwedezeka uku ndi uku, kenaka inaima chilili, mbali zonse m'malere. Wa kabaza anaomba m'manja yekha.

Apo a Jailosi anatenga kapanchi ndi hamala, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndidinde kapena ndisadinde? Ukamangidwa m'makina suoneka. Mukafika msanga, mdalayo akhoza kutha chaka osadziwa. Ena amapempha kuti ndisadinde."

Ndisabise, ndi zimene ndinanyamukira m'mawa uja. Ulendo wonsewo cholinga chake chinali choti apongozi asadziwe. Ndinayang'ana wakale wothyoka uja uli pa benchi, ndi timadontho take titatu. Munthu amene anabwera kudzaupangitsa kuno zaka zimenezo anafunsidwa funso lomweli, ndipo yankho lake linali pamenepo.

"Dindani," ndinatero.

Anakhoma katatu. Anatchula mtengo wake, sindinanenerere. Anandipatsa mipeni yonse itatu, wothyokawo padera.

"Mukamuuze Likhutcha kuti Jailosi akuti sanafe."

Tinanyamuka pa Ndirande folo koloko itapitirira. Wa kabaza anati K4,000 mpaka pakhomo, ndipo anadutsa njira zimene sindinkadziwa kuti ndi njira, kuseri kwa nyumba za anthu, pakati pa zovala zoyanikidwa, mpaka tinatulukira ku Mbayani. Ndinagwira mipeni pachifuwa ndi dzanja limodzi, lina ndinagwira chitsulo cha kumbuyo. Mwa zonse zimene ndinaona tsikulo, zimene ndingauze mnzanga amene ali ndi puleni yakale ndi zochepa. Mipeni yake sagula m'shopu, amapangitsa. Popita nayo amanyamula yonse iwiri. Ndipo ku Ndirande amayambira, satsirizira. Koma afulumire, chifukwa a Jailosi ndi okalamba, ndipo m'kashedi kaja sindinaonemo wina wophunzira.

Ndinafika pa Chilomoni faifi koloko isanakwane, koma ndinali nditachedwa. Chitseko cha shopu chinali chotsegula. Apongozi anali atakhala pa mpando wawo pafupi ndi benchi, akadali ndi jekete la paulendo, fumbi la ku Phalombe lili m'nsapato. Puleni inali pamiyendo pawo, chagada, mopanda mpeni ngakhale umodzi. Felemu la mlombwa lija linali pa benchi, msomali ukunyezimira pamene unadulidwa. Mlamu wanga Gift anali ku khoma lakumbuyo ndi tepi, akuyeza pamene padzakhale galasi. Agnesi anaima pakhomo la nyumba, manja atapinda.

Ndinavula chipewa, ndinagwada pang'ono.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Tayenda bwino. Kaya inu, poti mwayendanso."

Ndinatulutsa mipeni yonse itatu n'kuiika pa benchi. Ndinati sindinayendetse maginito, ndinapala msomali, mpeni unathyoka, ndipo wolakwa ndine. Gift anasiya kuyeza n'kutembenuka, nkhope yake ikuwala.

"Mwamva, bambo? Masiku atatu okha. Ndiye mukanachoka mwezi?"

Apongozi anaweramira pa mipeni ija. Anatenga watsopano uja, anautembenuza, anayendetsa chala chachikulu kumsana kwake. Chala chinaima pakona. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Jailosi adakalipo?"

"Alipo. Akuti ndikuuzeni kuti sanafe."

"Anakufunsani za kudinda?"

"Anandifunsa."

Anagwedeza mutu pang'ono. Anayang'ana felemu lija.

"Msomali wake ndi wa mainchesi angati?"

"Atatu, bambo."

"Wanga unali wa folo," anatero. "Bwana wa ku kampani ataima pambali panga."

Agnesi anatsitsa manja. Apongozi analowetsa mpeni m'malo mwake, anatola bawuti kuti amange, koma zala zinakana. Bawuti inagogoda pa chitsulo kawiri katatu, n'kugwera m'zipalo za matabwa pansi. Ndinaitola. Sanailandire. Anandipatsa sipanala, kenaka ananyamula puleni yonse ndi manja awiri onjenjemera n'kuiika m'manja mwanga.

"Mangani ndinu. Muyambe ya pakati."

Ndinagwada pansi n'kuyamba kumanga. Ndili choncho ndinawamva akulankhula, mawu awo omwe aja a tsiku ndi tsiku.

"Gift. Tepi imeneyo ndi ya pa shopu. Ukatha kusewera nayo ubweze kwa eni ake."

Gift anaipinda n'kuwatambasulira. Apongozi sanatambasule dzanja. Gift anaima choncho kanthawi, tepi ili m'malere, kenaka anazungulira benchi n'kudzaiika pambali pa bondo langa.